Mvekero ndi Tawuni Yomveka M'khutu: Nthano za Julius Chongo kwa Womvera wa ku Chama

M'nkhani ino tikufuna kuunika mbali imodzi ya nthano za Julius Chongo zimene zinkaulutsidwa pa wayilesi ya Zambia m'pologalamu ya Poceza m'Madzulo m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Ernst Wendland, amene anazifufuza pa Yunivesite ya Wisconsin mu 1979 nasindikiza zina mwa izo mu 2004, anaonetsa kuti luso la Chongo lagona pa liwu lake ndi pa mvekero. Funso lathu nlakuti: kodi liwulo linkachita chiyani m'maganizo a womvera wakutali?

Titenge womvera wa m'boma la Chama, m'chigwa cha Luangwa, kwa Kambombo kapena kwa Tembwe. Chinenero chake ndi Chisenga; Chinyanja amakumana nacho m'kalasi ndi pa wayilesi. Khutu lake linazolowera musi wopuntha mpunga, thi! thi! ndi kukuwa kwa ana oingitsa mbalame m'dimba. Kwa iye Lusaka sanayambe wakhala misewu kapena nyumba zosanja. Anayamba wakhala liwu lotuluka m'kabokosi madzulo, munthu mmodzi akusinthasintha mawu ngati khamu. Tikuganiza kuti womvera wotere anaimva tawuni asanaione, ndipo tsiku lotsika basi mumzindamo, pakati pa malipenga a galimoto ndi anyamata oitanira okwera, phokosolo ankaliyesa pa muyeso umene wayilesi inamupatsa kale.

Apa mpamene tikudandaula ndi kaphunzitsidwe kathu. Nthano yolembedwa papepala imasunga chiganizo koma imataya kukoka kwa mawu, kutsika kwa liwu ndi kachetechete. Mphunzitsi akalemba pa bolodi kuti galimoto inadutsa vuu! nalamula ana kudula mzere kunsi kwa mvekero, wasandutsa chomveka kukhala funso la mayeso (ndipo ifenso, tivomere, tachitapo zimenezi).

Vuto lina nlozama. Mwana wa ku Chama ali ndi mivekero yakeyake ya Chisenga yofotokozera msika wa pa boma, njinga yamoto ndi chigayo, koma phunziro la Chinyanja silimufunsa za iyo. Tikupempha aphunzitsi kuti ayambe amuuza atchule zimene amamva pa msikapo, m'chinenero chake, kenaka amuwerengere Chongo mokweza, kuti mwanayo aweruze yekha pamene Chinyanja chakwanitsa ndi pamene chaperewera.