Alonda a m'malire mwa tiyi

Tikamayamikira tiyi wa ku Thyolo timatchula othyola masamba ndi madengu awo kumsana. Mlonda woyenda m'malire mwa esiteti usiku wonse sitimukumbuka.

Chiperoni chikatsika mu Juni, nkhungu imakuta mizere ya tiyi moti tochi siunika patali. Pamenepo mlonda amadalira makutu. Amasiyanitsa kuthyoka kwa nthambi youma ya bulugamu ndi kugogoda kwa nkhwangwa ya munthu amene akudula mozemba. Kukacha amayang'ana mapazi m'mame: apa padutsa galu, apa wosenza thumba la makadamiya, poti chidendene chalowa kwambiri m'dothi lofiira. Zimenezi saphunzira pa perete ayi, amazitola kwa akapitawo ndi alonda akale, jombo zili chinyowere.

Koma luso lake lalikulu lili pakamwa. Malire amenewa ndi owawa: mbali ino tiyi mpaka kuphiri, mbali inayo midzi yothithikana yosowa polima. Mu 2016 anthu otsatira Vincent Wandale analowa m'minda ya esiteti ya Conforzi ponena kuti ndi nthaka ya makolo awo. Mlondayo kwawo ndi kumidzi komweko, ndipo mayi amene wawapeza akutola nkhuni mwina ndi azakhali ake. Wodziwa ntchito amatsitsa chibonga n'kuyamba wapereka moni, kenako: "Mayi, kuno ayi, tiyeni ndikuperekezeni." Pakanapanda anthu otere, nkhani ya mtolo umodzi wa nkhuni bwenzi ikuthera kupolisi kapena kuchipatala.

Inu eni maesiteti, anthuwa muziwagulira majasi ochindikala, ndipo malipiro awo muwaonenso.