Buku la Remarque ndi nkhondo ya m'maenje

M'caka ca 1929 Mjeremani wina, Erich Maria Remarque, anatulutsa buku limene m'Cipwitikizi licedwa A Oeste Nada de Novo. Iye mwini anamenya nawo nkhondo ya 1914-1918, navulala mu 1917. Bukuli lisimba za Paul Bäumer, mnyamata wa sukulu amene anatumizidwa kukamenyana ndi Afalansa. Kumeneko asilikali anali kukhala m'maenje aataliatali okumba okha, m'matope, pamodzi ndi makoswe ndi nsabwe.

Mphamvu ya bukuli ili poti silitama munthu aliyense kuti ndi ngwazi. Asilikali ake amangoganiza za cakudya, nsapato ndi tulo. Mlandu waukulu auika pa mphunzitsi Kantorek, amene anakokomeza anyamata kuti alembetse usilikali, iye nkutsala kumudzi. Pena Paul abaya msilikali wacifalansa m'dzenje, nakhala naye mpaka atatsirizika. Pofufuza m'thumba apeza zithunzi za mkazi ndi mwana, ndipo azindikira kuti wapha munthu mnzake. Ndi cifukwa cake a Nazi anatentha bukuli mu 1933.

Koma ife a ku Tete tiliwerenge ndi funso. Nkhondo yomweyo inafika kuno: Ajeremani a von Lettow-Vorbeck anaoloka Rovuma pa Negomano mu 1917, ndipo caka comweco anthu a ku Báruè anaukira Apwitikizi cifukwa ca cibalo ndi kugwidwa utengatenga. Msilikali wa Remarque anali wodziwa kulemba. Nanga wonyamula katundu uja, anamlembera ndani? Tsidya la Malawi, Melvin Page anafunsa nkhalamba, nalemba The Chiwaya War m'caka ca 2000, koma m'Cingerezi.

Abale, nkhondo imene inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992 inadutsa pa mseu wathu uno wa Moatize ndi Zóbuè. Alipo amene anayenda pa koluna, amene anagona m'chire, amene anathawira ku Mwanza. Ena anagwira mfuti akali ana. Remarque atiphunzitsa kalembedwe koyenera nkhani zotere: kunena cimene munthu anaona, anadya ndi kuopa, osakometsera mbali. Inu aphunzitsi a sukulu za akulu, apatseni kope ndi pensulo alembe m'Cinyanja, ndipo osadziwa kulemba muwalembere. Ana athu asadzamve za nkhondo kwa a Kantorek okha.