Bangwe wa pa Ntaja ndi Kope Lathu

Sabata yatha ndidaonerera anzathu ena akuimba pa siteji nyimbo imene adati ndi ya makolo a ku Machinga. Adaimba mwaluso ndithu: mawu anayi ogwirizana, zovala zofanana, kuyamba pamodzi ndi kutsiriza pamodzi. Anthu adaomba m'manja. Ine ndidatuluka ndi mtima wosakhutira, ndipo ndifuna kunena chifukwa chake, pakuti mlanduwu ngwa tonsefe amene timatola nyimbo m'midzi ndi kuzilemba m'kope ngati ndakatulo.

Nyimboyo ndidaimvapo kale pa msika wa Ntaja mu 2018, chaka chimene nyanja ya Chilwa idaphwa. Woimbayo adali mkulu wina, atakhala m'tsinde mwa mtengo wa mango, bangwe wake atamlowetsa m'chitini kuti azilira kwambiri. Chala cha kumanja chinkakhwacha nsambo zonse, zala za kumanzere zikugwira nsambo zimene sankafuna kuti zilire. Kakhwachidweko kadali kamodzimodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Chimene chinkasintha ndi mawu.

Kudadutsa mayi wina wogulitsa matemba, dengu lopanda kanthu lili pamutu. Pomwepo mkuluyo adamlowetsa m'nyimbo, iye ndi dengu lake, nafunsa kumene nsomba zapita. Amayi a pamsikapo, amene adali kuvomereza, adakweza mawu, pakuti funsolo lidali lawo. Minibasi yochokera ku Liwonde itatsitsa alendo, iye adasiya Chiyao nayamba Chichewa kuti alendowo aponyeko ndalama. Atafika poti awanene alendo omwewo, adabwerera ku Chiyao, msika wonse nkufa nazo nseko. M'mawa mwake ndidampezanso pomwepo. Nyimbo idali yomweyo, koma ya dengu munalibenso. Tsikulo adali pa nkhani ya mkamwini waulesi.

Tsono anzathu aja adatenga mawu a tsiku limodzi, nawamasulira onse m'Chichewa, nawaloweza pamtima. Mayi wa dengu uja adaimbidwa ndi nkhope zomwetulira, pamaso pa anthu okhuta nsima yamadzulo.

Ndikudziwa chimene ena adzayankhe, poti ndidachimva kale pa zokambirana zathu: akuti kupeka nyimbo pomwepo nkungobwebweta, ndipo ntchito ya wophunzira ndiyo kuikonza kuti ikhale ndi mutu. Amene akutero apite kukamvera mangolongondo. Ine ndidawamva kumunda cha ku Ulongwe, m'boma la Balaka (limene lidali mbali ya Machinga kufikira 1998), kumene anyamata awiri ankalondera chimanga kuopa anyani. Adayala zipika zawo pa mathunthu awiri a nthochi, nakhala moyang'anana. Wina akamenya, mnzake amamenya m'mipata imene woyambayo wasiya, mofulumira kotero kuti khutu limamva nyimbo yachitatu imene palibe mmodzi wa iwo akuiimba yekha. Aliyense ali ndi ufulu wosintha, inde, koma akangoponda m'malo a mnzake nyimbo yonse imagwa, ndipo amayambiranso akutukwanana. Wa bangwe nayenso ali pa lamulo lotero. Mawu atsopano ayenera kukwana m'kakhwachidwe kaja, osasefukira. Kukwera ndi kutsika kwa mawuwo kusalimbane ndi nyimbo, kuopa kuti tanthauzo lingasokonekere. Ndipo atsirize msanga kuti ovomereza alowe pa nthawi yawo. Zonsezi azichita maso ali pa msika. Ndani mwa ife, ndi cholembera chathu ndi usiku wonse wofufuta, angachite zimenezo?

Sindikunena kuti kusunga nyimbo nkulakwa. Hugh Tracey adajambula oimba a dziko lino mu 1950 ndi 1958, ndipo popanda iye mawu a ambiri a iwo sitikadawamva. Koma chojambulidwa chili ngati mlendo wa tsiku limodzi: amakasimba zimene adapeza tsikulo basi. Buku la Gerhard Kubik la 1987, Malawian Music: A Framework for Analysis, lidalembedwa mothandizana ndi Moya Aliya Malamusi, Lidiya Malamusi ndi Donald Kachamba, anthu okulira m'nyimbozo. Ife m'makope mwathu sitilemba ngakhale tsiku, kaya malo, kaya amene ankavomereza. Timangoti "nyimbo ya makolo", ngati kuti idalibe mwini amene adaituluka thukuta.

Pempho langa kwa wobweretsa nyimbo yotere ku zokambirana zathu ndi lakuti abwere ndi mawu a masiku awiri kapena atatu, Chiyao chili momwemo, kuti tione chimene woimba adasunga ndi chimene adataya. Luso lake lili pamenepo.

Potuluka m'holo muja ndidafunsa mmodzi wa oimbawo kumene adaitenga nyimboyo. Adati m'kope la mnzawo wina. Nditatchula za bangwe adadabwa, nandifunsa ngati nyimboyo imaimbidwa ndi bangwe.