Mankhwala atsopano a maso otuzuka: zomwe kafukufuku wa OPTIC adapeza ndi mafunso omwe adawasiya

Mu Januwale 2020 magazini ya zachipatala ya New England Journal of Medicine idafalitsa zotsatira za kafukufuku wotchedwa OPTIC, yemwe adayesa mankhwala a teprotumumab pa anthu odwala maso chifukwa cha chithokomiro. Mwezi womwewo bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza mankhwalawa, ndipo amagulitsidwa ndi dzina loti Tepezza. Chiwerengero chomwe chidatchuka kwambiri n'chakuti mwa odwala 100 alionse omwe adalandira mankhwalawa, 83 maso awo adabwerera m'kati, pamene mwa omwe sadalandire adali 10 okha. Kusiyana kotere sikuonekaoneka m'kafukufuku wa mankhwala. N'chifukwa chake lipotili liyenera kuwerengedwa modekha, kuti tione zomwe lidatsimikiza ndi zomwe silidathe kutsimikiza.

Matenda ake ndi otani?

Diso limakhala m'bowo lozunguliridwa ndi mafupa asanu ndi awiri. M'bowomo muli minofu isanu ndi umodzi yotembenuza diso, mafuta, mitsempha ya magazi ndi mtsempha waukulu wotumiza zomwe taona ku ubongo. Malo onse ndi pafupifupi mamililita 30 basi, ndipo mafupa satambasuka.

Pa matenda a Graves, chitetezo cha m'thupi chimaukira chithokomiro n'kuchichititsa kugwira ntchito mopyola muyeso. Mwa odwala ena chitetezo chomwecho chimaukiranso za m'bowo la diso. Minofu imatupa, mafuta amachuluka, ndipo popeza kumbuyo ndi m'mbali kuli mafupa, diso limakankhidwira kutsogolo. Mnofu wokokera diso pansi ndi umene umagwidwa kawirikawiri. Ukauma, munthu amalephera kuyang'ana m'mwamba ndipo amaona zinthu ziwiriziwiri. Zikope zikalephera kutsekeka, kutsogolo kwa diso kumauma n'kuchita chilonda. Minofu yotupa ikapana mtsempha woonera, munthu atha kuchita khungu. Pafupifupi wodwala Graves mmodzi mwa anayi amakhala ndi vuto la maso, koma omwe limafika povuta ndi ochepa, pafupifupi 5 mwa 100 alionse. Matendawa amakhala ndi nyengo yolusa, kenaka amazizira okha, koma nthawi zambiri diso silibwereranso mmene lidaliri.

Mmene kafukufukuyu adachitikira

Raymond Douglas ndi anzake adalemba odwala 83 m'zipatala za ku America ndi ku Ulaya. Onse adali ndi matenda olusa omwe adayamba m'miyezi isanu ndi inayi yapitayo. Adawagawa mwamaere: 41 adalandira teprotumumab, 42 adalandira placebo, yomwe ndi diripi yopanda mankhwala. Wodwala ngakhale womuyeza samadziwa gulu lomwe munthu ali. Aliyense adaikidwa diripi kasanu ndi katatu, kamodzi pa masabata atatu alionse. Mankhwalawa amatseka malo otchedwa IGF-1R pa maselo a m'bowo la diso, omwe amathandiza kuyambitsa kutupako.

Pa sabata ya 24 adayeza kutuzuka kwa diso. Wodwala ankawerengedwa kuti wapindula ngati diso labwerera ndi mamilimita awiri kapena kuposerapo. Apa ndi pomwe padachokera 83 ndi 10 uja. Tikaphatikiza onse, diso lidabwerera ndi mamilimita 2.82 m'gulu la mankhwala ndi 0.54 m'gulu la placebo. Mwa omwe ankaona ziwiriziwiri, 68 pa 100 alionse adapezako bwino, poyerekeza ndi 29 m'gulu linalo.

Zoyenera kuyamikira

Kafukufukuyu adakonzedwa bwino m'njira zingapo. Kugawa mwamaere ndi kubisa gulu kudachepetsa kukondera. Chomwe ankayeza ndi chinthu choyezeka ndi chipangizo, osati maganizo a dokotala. Zotsatira zidagwirizana ndi za kafukufuku woyamba wa 2017, wotsogoleredwa ndi Terry Smith, wa odwala 88. Chachikulu n'chakuti mankhwala akale, monga methylprednisolone, amachepetsa kufiira, kupweteka ndi kutupa, koma sabwezeretsa diso m'kati kwenikweni. Kale njira yodalirika yobwezera diso idali opaleshoni yochotsa mbali ya fupa kapena mafuta. Choncho palibe chifukwa chokanira kuti mankhwalawa amagwira ntchito pa masabata 24 oyambawo. Mavuto ali pa zomwe anthu amafuna kumanga pamwamba pa mfundo imeneyi.

Adawayerekeza ndi chiyani?

Funso lomwe dokotala amakhala nalo akakhala ndi wodwala si lakuti mankhwala atsopano akuposa madzi amchere. Funso n'lakuti akuposa thandizo lomwe lilipo kale. Ku Ulaya thandizo lozolowereka la matenda olusa ndi methylprednisolone wa mumtsempha: mamiligalamu 500 pa sabata kwa masabata asanu ndi limodzi, kenaka 250 kwa masabata ena asanu ndi limodzi, onse pamodzi magalamu 4.5. OPTIC sadayerekeze teprotumumab ndi thandizo limeneli. Gulu loyerekezera silidalandire mankhwala othana ndi kulusa kwa matenda kwa theka la chaka, ndipo zimenezi zimakulitsa kusiyana kwa magulu awiriwo. N'zotheka ndithu kuti teprotumumab akadapambanabe pa kutuzuka, koma pa kupweteka, kufiira, kuona ziwiriziwiri ndi mmene wodwala akumvera pa moyo wake, lipotili silingatiuze kuti akuposa mankhwala akale ndi muyeso wotani. Mu 2021 gulu la akatswiri a matendawa ku Ulaya, la EUGOGO, lidasankha methylprednisolone pamodzi ndi mycophenolate kukhala thandizo loyamba, ndipo teprotumumab lidamuika m'gulu la thandizo lachiwiri.

Nthawi yotsatira odwala idali yochepa

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Matendawa amatenga chaka kapena zaka ziwiri asanazizire, koma muyeso waukulu wa OPTIC udatengedwa pa sabata ya 24, masabata atatu okha chilandirire diripi yomaliza. Funso lofunika kwa wodwala ndi lakuti diso likhala m'kati mpaka liti. Yankho lina lili m'chikalata cha mankhwalawa chomwe FDA idavomereza: m'kafukufuku wa 2017, mwa odwala 30 omwe adapindula pa sabata ya 24, odwala 16 okha ndi omwe adali akadali opindula patatha masabata 51 chilandirire diripi yomaliza. Amenewa ndi ongopitirira theka pang'ono. Wowerenga 83 pa 100 osadziwa 16 mwa 30 wangomva theka la nkhani.

Anthu 41 sangaonetse zovuta zonse

Kuti tione phindu lalikulu, anthu ochepa amakwanira. Kuti tione zovuta za mankhwala, makamaka zosachitika pafupipafupi, pamafunika anthu ambiri ndi kuyeza kwadala. M'makafukufuku awiriwa pamodzi, omwe adalandira mankhwala sadafike 100. Mwa iwo, pafupifupi mmodzi mwa anayi adamva kukokana kwa minofu, ena adathothoka tsitsi, ndipo 10 pa 100 alionse shuga wawo adakwera, ambiri mwa iwo okhala ndi vuto la shuga kale. Enanso 10 pa 100 adadandaula za makutu.

Nkhani ya makutuyi ndi phunziro. Ochita kafukufuku ankalemba zomwe odwala adandaula; sadayeze kumva kwa wodwala aliyense asanayambe ndi atamaliza. Mankhwala atalowa pamsika, madokotala omwe ankafunsa dala za makutu adapeza odandaula ambiri kuposa pamenepa: kulira kwa m'makutu, kumva ngati khutu latsekeka, ndi kusamva bwino. Mu Julaye 2023 chikalata cha mankhwalawa chidasinthidwa n'kuchenjeza kuti atha kuwononga kumva kwambiri, nthawi zina mpaka kalekale, ndi kuti makutu aziyezedwa mankhwala asanayambe, ali m'kati ndi atatha. Chomwe sichidafunidwe sichidapezeke. Tikawerenga lipoti lonena kuti zovuta zidali zochepa, tizifunsa kuti adazifufuza bwanji.

Mankhwalawa athanso kuvulaza mwana wosabadwa, choncho mayi ayenera kulera asanayambe, pa nthawi yonse ya thandizo ndi miyezi isanu ndi umodzi pambuyo pake. Izi n'zofunika chifukwa matenda a Graves amagwira kwambiri amayi a msinkhu wobereka.

Ndani adasiyidwa kunja?

Odwala omwe mtsempha wawo woonera udayamba kale kupanika sadalowetsedwe, chimodzimodzi omwe adachitidwapo opaleshoni ya m'bowo la diso. Ndiye kuti OPTIC sadasonyeze kuti mankhwalawa amateteza khungu, chomwe ndi chinthu choopedwa koposa. Ambiri mwa otenga mbali adali azungu, ndipo panalibe chipatala cha mu Africa chomwe chidatenga nawo mbali. Zimadziwika kuti muyeso wachibadwa wa kutuluka kwa diso umasiyana pakati pa mitundu ya anthu, ndipo mwa anthu akuda umakhala wokwererapo. Zotsatira za gulu limodzi sizingasamutsidwe chabe kupita ku gulu lina popanda kufunsa.

Umboni wakuti minofu ndi mafuta zidaphwadi udachokera pa zithunzi za odwala asanu ndi mmodzi okha. Komanso ndalama za kafukufukuyu zidachokera ku kampani ya Horizon, yomwe idali mwini wa mankhwalawa pa nthawiyo. Zimenezi sizitanthauza kuti ziwerengero n'zabodza, koma wolipira amakhala ndi mawu pa funso lomwe lifunsidwe, choyerekezera ndi tsiku loyeza.

Mtengo

Mankhwalawa atalowa pamsika ku America, kabotolo kamodzi ka mamiligalamu 500 kankagulitsidwa madola 14,900. Muyeso wake ndi mamiligalamu 10 pa kilogalamu iliyonse ya thupi pa diripi yoyamba, ndi 20 pa madiripi asanu ndi awiri otsatira. Munthu wa makilogalamu 70 amafuna timabotolo tiwiri poyamba ndi titatu pa ulendo uliwonse wotsatira, tonse 23, zomwe zikukwana madola 342,700. Kafukufuku wosayerekeza ndi mankhwala otsika mtengo amasiya ogula mankhwala a dziko opanda poyambira poweruza ngati phindulo likulingana ndi ndalama zotere.

Umboni wosatchuka womwe uli pafupi nafe

Pali makafukufuku akale omwe sadamveke kwambiri koma ali ndi ntchito kwa ife. Zimadziwika bwino kuti kusuta fodya kumawonjezera mwayi wodwala maso mwa odwala Graves, kumakulitsa matenda ndipo kumafooketsa thandizo. Mu 1998 Luigi Bartalena ndi anzake ku Italy adasonyeza kuti ayodini wa radiation woperekedwa pochiza chithokomiro adayambitsa kapena kukulitsa vuto la maso mwa odwala pafupifupi 15 pa 100 alionse, ndi kuti prednisone amateteza zimenezi. Mu 2011 Claudio Marcocci ndi anzake adayesa selenium pa kafukufuku wa odwala 159 a matenda ocheperako. Mamaikulogalamu 100 kawiri pa tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi adachepetsa vuto la maso ndi kukula kwa matenda.

Kafukufuku wa seleniumyu adachitikira m'madera a ku Ulaya komwe mcherewu ndi woperewera pang'ono. Kuno ku Malawi makafukufuku a nthaka, chimanga ndi magazi adasonyeza kuti selenium ndi woperewera m'madera ambiri, ngakhale kuti ku chigwa cha Shire alipo wochulukirapo. Ndiye kuti funso la selenium likutikhudza kuposa la teprotumumab, ndipo n'loyenera kufufuzidwa mwa odwala athu. Komabe selenium wochuluka ndi poizoni, choncho si woti munthu azingogula yekha popanda dokotala.

Zoyenera kutengapo pa ntchito yathu

Kwa mlangizi wa zaumoyo, namwino kapena volontiya, chopulumutsa diso ndi kuzindikira ndi kutumiza msanga. Munthu wamkulu wa maso otuzuka afunseni ngati akuonda chonsecho akudya, ngati mtima ukuthamanga, manja akunjenjemera, thukuta likuchuluka kapena khosi latupa. Wotere akayezedwe chithokomiro ndipo akaonedwe ndi a zamaso. Ngati amasuta, muthandizeni kusiya. Kumbukirani kuti chithokomiro chotupa chifukwa chosowa ayodini sichituzula maso.

Tumizani tsiku lomwelo ngati kuona kwayamba kuchepa, mitundu ikuoneka yofwifwa, zikope sizikutsekeka pogona, kapena pakati pa diso pachita banga loyera.

Si diso lililonse lotuzuka lomwe vuto lake ndi chithokomiro. Mwana yemwe diso limodzi likutuluka akhoza kukhala ndi khansa ya Burkitt, retinoblastoma kapena khansa ina ya m'bowo la diso. Ngati diso latupa, lafiira, silikutembenuka ndipo thupi latentha, akhoza kukhala matenda a mafinya a m'bowomo, omwe atha kufika ku ubongo. Wamkulu wa diso limodzi lotuzuka nayenso afunika kufufuzidwa za chotupa. Onsewa asapatsidwe mankhwala odontheza m'maso n'kuuzidwa kuti adikire. Apite kuchipatala cha boma kapena chachikulu komwe kuli a zamaso.

OPTIC adasonyeza kuti kutuzuka kwa diso kutha kubwezedwa ndi mankhwala popanda mpeni, ndipo chimenechi n'chatsopanodi. Sadasonyeze kuti mankhwalawa akuposa thandizo lakale pa zonse, kuti phindu lake n'lokhalitsa, kuti amateteza khungu, kapena kuti ndi osaopsa ku makutu. Lipoti lina lililonse la mankhwala atsopano likafika m'manja mwanu, lifunseni mafunso omwewa: adayerekeza ndi chiyani, adatsatira odwala kwa nthawi yaitali bwanji, adali anthu angati, ndani adasiyidwa, zovuta adazifufuza motani, ndipo adalipira ndani.