Lilac pa makina a mmisiri

Ku Ulaya ndi ku America anthu amabzala lilac chifukwa cha maluwa ake onunkhira. Kwawo kwenikweni kwa chitsamba chimenechi ndi kumapiri a Balkan. Chitsamba chikakalamba eni munda n'kuchidula, amene amachithamangira ndi amisiri osema pa makina ozungulitsa mtengo.

Phindu lake silibwera mwamsanga. Tsinde la lilac ndi laling'ono, kawirikawiri silinenepa kupitirira mkono wa munthu, ndipo limakula mopotana. Likamauma limang'aluka kwambiri. Mmisiri wodziwa ntchito amaliwaza pakati likadali laliwisi, n'kumata phula kumapeto konse kuwiri, kenaka n'kuliika pamthunzi kwa chaka kapena kupitirira. Ngakhale atero, zidutswa zina zimathera pamoto.

Koma onani chidutswa chimene chapulumuka. Makina akazungulira, tchizulo chakuthwa chikangokhudza, timizere ta pepo timayamba kuoneka mkati mwa mtengo wofiirira, m'mbali muli mbee. Mtengowu ndi wolimba, wolemera, wosalala moti sandipepala ntchito yake imachepa, ndipo utuchi wake umatulutsa kafungo kabwino m'chipinda chonse. Mtundu wa pepowo umazirala ukamawombedwa ndi dzuwa, n'chifukwa chake ena amasunga zosema zawo m'kabati.

Mbale yaikulu simungaipeze apa. Zimatuluka ndi zolembera, zigwiriro za mipeni, timabokosi ta mphete, zitoliro. Ine ulemu wanga ukupita kwa amisiri oterewa, odikira chaka chathunthu kuti aseme kanthu kokwana m'dzanja. Ntchito yawo ndi yaukadaulo weniweni.