Pampu ya mu filimu ya Kamkwamba siingapope asidi

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind, imene Chiwetel Ejiofor anatulutsa mu 2019, imakondedwa kwambiri ndi acinyamata okonda sayansi kuno ku Libala. Inenso ndimaikonda, koma ndili nayo mlandu. Cicewa cotsimphina ca osewera ena ndinacikhululukira kale. Cimene cimandivuta ndi mapeto ake: mphepo izungulitsa makina, batire idzaza, pampu ilira, madzi athamangira m'munda, njala ya ku Wimbe yatha. M'buku la 2009 limene William Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer, makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi, zopopa madzi zinabwera pambuyo pake. Filimu inafupikitsa ulendowo, ndipo woonera amacoka akuganiza kuti popanda mota yolira palibe nzeru.

Maganizo amenewa amavulaza munthu akafika pa mankhwala odya citsulo. Wa JETS amene amacapa mabodi a wailesi ndi ferric chloride, kapena wogwira asidi wa m'batire, akatola pampu yacitsulo pa dzala monga anacitira mnyamata wa mu filimu, mankhwala adzaidya mkati, kenaka adzadonthera pa manja ake. Pamenepa wanzeru ndi uja wodziwa kucotsapo pampu.

Njira zake zilipo, ndipo n'zakale. Paipi ya pulasitiki yodzazidwa kale ndi madzi imatsitsa mankhwala kucokera m'botolo la pamwamba kupita m'la pansi, popanda kuyamwa ndi pakamwa monga acitira okhuthula petulo. Pofuna kuwakweza, mumalowetsa mpweya pansi pa paipi yoimirira. Thovu limapepukitsa za m'paipimo, zimakwera zokha, ndipo kamakina kopereka mpweya sikakhudza asidi ngakhale dontho. Yang'ananinso magiza a dzuwa pa madenga a ku Woodlands: thanki imakhala pamwamba cifukwa madzi otentha amakwera, ozizira amatsika, amazungulira tsiku lonse popanda mota. Mu 2024, madzi atacepa ku Kariba ndipo malaiti akuzima maola ambiri, magiza amenewa sanaleke kutenthetsa madzi.

Ndidziwa kuti paipi yodontha mwakacetecete siigwetsa misozi monga pampu yolira pamaso pa mudzi wonse. Koma ndiyo nchito ya wolemba: kutikhazika pafupi ndi paipiyo mpaka mtima uyambe kugunda. Ejiofor anatipatsa nkhope ya mwana wanzeru, koma manja ake ndi kuganiza kwake anationetsa mothamanga. Inu amene mulemba nkhani za m'makomboni mwathu, musatengere zimenezo. Mukalemba za mtsikana wosakaniza mankhwala kuseri kwa nyumba, mutionetse magalasi m'maso mwake, mutionetse akuthira asidi m'madzi pang'onopang'ono, osati madzi mu asidi. Wina adzawerenga nkhani yanu n'kukayesa Ciwelu masana.