Zilembo zopangira makina sizinapangidwire mwana

M'munsi mwa tsamba la pasipoti lokhala ndi chithunzi muli mizere iwiri, uliwonse wa zilembo ndi zizindikiro 44. Mtundu wa zilembozo ndi OCR-B, umene Adrian Frutiger wa ku Switzerland anakonza mu 1968. Mkulu wake, OCR-A, anachokera ku America m'zaka zomwezo za m'ma 1960, ndipo ndiye wokopa maso: ngodya paliponse, ziro wonga bokosi, manambala ouma ngati opinda ndi waya.

Pa ntchito yake zilembozi n'zosatsutsika. Makina owerenga a nthawi imeneyo ankasokonezeka msanga, choncho chilembo chilichonse chinapatsidwa malo ofanana m'lifupi, ndipo 0 ndi O, kapena 1 ndi I, anazisiyanitsa dala. Frutiger anafewetsako ngodyazo kuti diso la munthu lisatope, koma lamulo la malo ofanana analisunga.

Lamulo lomweli ndi limene lingapweteke mwana, mphunzitsi akakopeka n'kusankha zilembo zotere pokonza mapepala owerenga pa kompyuta. Chilembo i chimakhala tayale m'chipinda chachikulu, pamene m ndi w apanikizika miyendo. Tsono Chinyanja n'chodzaza m ndi w: mwana, mwamuna, mwezi. Choipa koposa chili pa ng'. Kachizindikiro kapamwambako kamalanda malo a chilembo chathunthu, moti ng'ombe imaoneka ngati mawu awiri. Apo mwana wa kalasi yoyamba n'kuti akungophunzira kumene kuti ng' wa mu ng'ombe ndi liwu limodzi, losiyana ndi ng wa mu ngoma. Mpatawo umamuuza zosemphana ndi zimene mphunzitsi wanena.

Chipwitikizi nacho sichipulumuka. Mizere ya pasipoti ija salola zizindikiro za pamwamba kapena pansi pa chilembo, n'chifukwa chake João amasanduka JOAO. Makina sadandaula nazo, koma wophunzira amene akulimbana ndi ã ndi ç ayenera kuziona zili zonse.

Pa masamu pokha m'pamene malo ofanana amathandiza, poti manambala amaima mondondozana pophatikiza ndi pochotsera. Pa zowerenga, Andika, mtundu waulere umene bungwe la SIL linakonzera ongoyamba kuwerenga, ndi woyenera kwambiri: a ndi g wake amafanana ndi amene mphunzitsi amalemba ndi choko pa bolodi.